Wothawa Sapereka Moni

Bashiru anabwerera ku Mandimba chaka chachiwiri nkhondo itatha, ali pamwamba pa kamiyau, lole yodzaza anthu obwerera kwawo. Anali ndi mkazi wake Halima, mwana wawo Shakila, ndi mutu wa makina osokera wokulungidwa m'chiguduli. Miyendo ya makinawo inatsatira pambuyo pa njinga ya mlamu wake. Pamene panali nyumba yawo anapezapo udzu wolekeza m'khosi ndi mtengo wa mango umene anausiya uli kamtengo. Anamanga ina pomwepo, n'kuika makina pakhonde, ndipo dothi la chipupa lisanaume anali atayamba kale kusoka. Chovala chatsopano chinali chosowa masiku amenewo. Ntchito yaikulu inali zigamba, ndipo mathalauza ena ankabwera ali zigamba zokhazokha.

Anali munthu wa zaka makumi anayi ndi kanthu, wosalankhulalankhula, wa kamimba kosagwirizana ndi njala ya nthawi imeneyo. Ankakhala pamakina kuyambira m'mawa mpaka maso atakana kuona bowo la singano. Pofika madzulo mapazi ankatupa moti nsapato zinkakana kulowa. Koma chimene chinkamusautsa kwenikweni chinali tulo. Chibwerereni sanagonepo bwino. Galu akauwa, kapena mango akagwera padenga, iye anali ataima kale, akupapasa chitseko. Halima anayesa mizu, anayesa madzi a kwa shehe, koma ayi ndithu.

Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. M'nyengo yozizira ya chaka chotsatira kunabwera mphunzitsi wa masewera wochokera ku Cuamba, dzina lake Tobias, mnyamata woonda ngati bango. Pakhosi pake pankalendewera kamluzu kachitsulo kamene kuno amati apito. Anabwera kudzakonzekeretsa anthu mpikisano wothamanga wa pa tsiku lokumbukira mtendere. Anafika pakhonde la Bashiru ndi matumba a ufa opanda kanthu, kuti amudulire tinsalu tolembapo manambala a othamanga. Ali chidikirire, maso ake anagwera pansi pa makina.

"Che Bashiru, mapazi anuwo atupa bwanji ngati mwaponda njuchi?"

"Ndi ntchito, apulofesolo. Makina amadya miyendo."

"Mawa mubwere kubwalo mudzathamange nafe."

Bashiru anaseka osakweza mutu. "Ine ndinathamanga kale. Chaka chija tinachoka pano mpaka ku Chiponde, kutsidya la malire, osacheuka, mwana ali paphewa. Liwiro langa lonse ndinalimaliza tsiku limenelo."

"Kuja munkathawa," anatero Tobias. "Uku n'kwina. Kumbuyo kwanu kudzakhala ine ndekha, ndipo ine ndilibe mfuti."

Akanakhala yekha, Bashiru sakanapita. Anamukankha ndi Halima, amene anamva zonse ali kuseri kwa nyumba. "Pitani, bambo a Shakila. Mwina mukatopa mudzagona, nafenso tipumeko." Popeza bambo wachisilamu wa msinkhu wake sangaonetse mawondo pagulu, Bashiru anadzisokera thalauza lolekeza m'katumba ndi nsalu zotsala za anthu. Mwendo wina unali wobiriwira, wina wa maluwa ofiira. Halima ataliona anaseka mpaka kukhala pansi.

Tobias sankathamangitsa anthu ngati asilikali. Masiku oyamba ankangoyenda. Kenako anayamba kuthamanga kuchokera pamtengo wa mango uwu kukafika pa winawo, n'kuyenda kukafika pa wachitatu, ndipo sabata iliyonse mitengo yothamanga inkawonjezereka. Lamulo lake linali limodzi: ukalephera kulankhula, ndiye kuti wafulumira. Ankawaika awiriawiri kuti azicheza akuthamanga. Pagulupo panali atsikana a sukulu, wogulitsa nsomba za ku nyanja ya Chiuta, ndi anyamata amene anali asilikali a mbali zonse ziwiri. Bashiru anapatsidwa mmodzi wa asilikali akalewo, Eliya, ndipo ankakambirana za mbewu ya chinangwa, chifukwa nkhani zina zinali zosayambika. Ankadutsa msewu wa ku Mitande apito akulira, ana akuwatsatira ndi nyimbo. Aliyense ankadziwira patali kuti ndi masewera a apulofesolo.

Poyamba Bashiru ankabwera kunyumba ali wefuwefu, akutukwana Tobias chamumtima. Koma mwezi usanathe zinachitika zodabwitsa. Anagona tulo tofa nato, osamva ngakhale kuitana kwa kumzikiti, moti Halima anachita kuika khutu pamphuno pake kuti amve ngati akupuma. Kuyambira pamenepo ankagona ngati mwana, ndipo nsapato zinayamba kulowa. Sananene kwa munthu, koma mumtima anakondwera kwambiri. Anali ataiwala kuti munthu amatha kudzuka m'mawa mutu uli wopepuka.

Pa tsiku la mpikisano anafika chakumapeto. Anangopambana wogulitsa nsomba uja, amenenso anaima panjira kuti amwe madzi. M'mawa mwake Tobias anakwera chapa, minibasi ya ku Cuamba, apito ake ali pakhosi. "Musaleke!" anafuula pawindo. Onse analonjeza, monga mmene anthu amalonjezera potsanzikana. Sabata yoyamba anabwera ambiri, yachiwiri owerengeka. Kenako mitambo inayamba kusonkhana, makasu anatuluka, ndipo Eliya naye anati munda ukumudikira. Bashiru anapezeka pabwalo ali yekha ndi thalauza lake la maluwa.

Kuleka sakanatha, chifukwa ankadziwa kuti akaleka, tulo tipitanso. Tsiku lina atachoka kumzikiti ku swala ya m'mawa anatenga msewu wa ku Mitande yekha, n'kukatembenukira pakamlatho kamene kanaphwasulidwa pa nkhondo. Popanda wocheza naye, miyendo inafulumira yokha. Pobwerera anali thukuta kamukamu, pakamwa pali yasa, maso ali pansi.

Tsoka silinunkha. Pa nkhondo, achiwembu ankatulukira mbali yomweyo, ndipo ankakonda kufika m'mawa ngati umenewo. Uthenga wake sunkabwera ndi mawu. Unkangoona munthu wamkulu akuthamanga, ndipo amene ankaima kuti afunse ndi amene lero kulibe. Anthu a ku Mandimba anaphunzira zimenezi ndi miyendo, ndipo miyendo siimva kuti kwinakwake anasainirana mtendere. Pachitsime cha m'mbali mwa msewu panali azimayi akutunga madzi. Anaona bambo wamkulu akuchokera kutchire, akulunjika kumalire, wopanda apito, wopanda ana omutsatira. Anawadutsa osanena kanthu. Ndowa zinagwa, ndipo aliyense anangoti phazi thandize.

Bashiru atakweza maso anaona anthu akuthawa kutsogolo kwake, ena ana ali kumsana, ena atanyamula mbuzi. Anacheuka, sanaone kanthu, koma nanga pa nkhondo ankaoneka? Analiyatsa liwiro la mtondo wadooka, ndipo anthu ataona kuti wawonjezera liwiro, nawonso anawonjezera. Anafika kunyumba n'kupeza Halima atamanga kale mtolo, Shakila ali pambali pake.

"Akuchokera kuti?" anafunsa Halima.

"Sindikudziwa! Anthu onse akuthawa!"

"Nanga wayamba kuwaona ndani?"

Apo m'pamene Bashiru anazindikira amene anthuwo ankamuthawa. Halima anamuyang'ana kumaso, n'kuyang'ana thalauza la maluwa lija, ndipo anatula mtolo pansi pang'onopang'ono.

Nkhaniyi ikanakhala yoseketsa pakanapanda mayi Benedita. Iwo anali mayi wachikulire wa ku Massangulo, wokhala yekha m'kanyumba koyandikana ndi chitsime. Amuna awo ndi ana awo awiri anatsalira m'nkhondo. M'mawa umenewo anatola kamtolo kawo n'kutsika kanjira kakale ka kumtsinje, kamene kanawapulumutsa kangapo zaka zija. Anaiwala kuti kanjirako tsopano kanali kuseri kwa miyala yopakidwa utoto wofiira, kumene mabomba okwirira anali asanachotsedwe. Anakumbukira ali pakatikati, atakodwa paminga n'kugwa. Anadzuka, n'kuima pomwepo.

Anaima mpaka dzuwa linafika paliwombo. Anthu anasonkhana kumbali ino ya miyala, akuwafuulira kuti asasunthe phazi. Ochotsa mabomba anali kutali, ku Ngauma. Pomaliza Eliya, amene ntchito imeneyi ankaidziwa kuchokera kumene sankafuna kukumbukira, anagona chafufumimba n'kuyamba kukwawa, akubaya dothi mopendeka ndi kachitsulo. Anawatulutsa akuponda mmene iye wadutsa. Bashiru anali pagulupo nthawi yonseyo. Palibe anamutukwana, palibenso anamulankhula, ndipo kwa iye kutukwanidwa kukanakhala bwino.

Madzulo ake anapita ndi Halima kukapepesa, atanyamula nkhuku. Mayi Benedita analandira nkhukuyo, n'kuthokoza. Palibe amene analetsa Bashiru kuthamanga. Halima anangochapa thalauza lija n'kulipinda pansi pa zovala zina.

Anayesako njira zina. Anathamanga mozungulira nyumba yake, koma nkhuku zinabalalika, ana a oyandikana nawo anadzaza pampanda, ndipo iye anachita chizungulire. Anaganiza zoitanitsa apito ku Cuamba, Halima n'kumukumbutsa kuti munthu mmodzi akaimba apito m'mawa, anthu amatuluka ndi zibonga kufuna wakuba. Choncho analeka. Tulo tinatsalako masiku ochepa, kenako tinapita. Mapazi anayambanso kutupa. Mango akagwa padenga, iye anali pachitseko. Zinamuwawa kwambiri, kuposa kale, chifukwa tsopano ankadziwa chimene wataya. Analinso ndi mkwiyo, koma woupatsa panalibe.

Mvula yoyamba itagwa, mayi Benedita anafika pakhonde pake ndi kapulana yakale ya madontho achikasu. Inali nsalu yomangira kamtolo kawo, ndipo inang'ambika paminga tsiku lija. Bashiru anawapatsa mpando, n'kuyamba kusoka mutu uli pansi. Iwo anayang'ana mapazi ake pa chopondera cha makina.

"Mwaleka, Che Bashiru?"

"Ndaleka, mayi."

"Chifukwa cha ine?"

Bashiru anangopitiriza kupalasa makina.

"Mukuyesa munalakwa chifukwa cha liwiro," anatero mayiwo. "Ayi. Munadutsa pachitsime pali azimayi, ena a msinkhu wa mayi anu, osatsegula pakamwa. Chikulire changa ku Massangulo, munthu wodutsa anzake osapereka moni amakhala wamisala kapena wothawa. Inu tinkakudziwani kuti si wamisala."

Makina anaima. "Mpweya unandithera, mayi."

"Ndiye muchepetse liwirolo, mpweya wa moni upezeke. Wothawa sapereka moni. Tikamva moni wanu, tidziwa kuti kumbuyo kwanu kulibe kanthu."

Bashiru anakumbukira lamulo la Tobias, ndipo manyazi anamugwira. Koma anapukusa mutu. "Nanga mukadzaopanso? Ine sindingapirire kukuonaninso kuseri kwa miyala ija."

"Kuopa ndidzaopa," anayankha. "Mukuyesa panopa sindiopa? Ana a sukulu akathamangitsana kuseri kwa nyumba, ndimangozindikira kamtolo kali kale m'manja. Ngakhale kutchalitchi ndimakhala pafupi ndi khomo. Ndatopa nazo, bambo. Kodi ndife ndikuthawabe? Muzidutsa pakhomo panga m'mawa uliwonse. Ndikufuna ndione munthu akuthamanga ine nditakhala pansi."

Anatenga nsalu yawo, n'kuyendetsa chala pamsoko, ndipo anati ulusi wake sukufanana ndi nsalu koma msoko ndi wolimba.

M'mawa mwake Bashiru anafukula thalauza lija. Pobwerera kuchokera kukamlatho anayamba kufuula chitsime chikuoneka patali. "Mwadzuka bwanji, amayi! Ajimwiche uli! Salamu alaikumu!" Anaponya moni m'zilankhulo zonse zimene ankadziwa, kuti pasapezeke wonena kuti sanamve. Azimayi anauma, ndowa zili m'malere. Wina anali atayang'ana kale kutchire. Kenako mmodzi anayankha mokayika kuti adzuka bwino, kaya iwo. Koma moni wa kuno sathera pamenepo. Pamafunika kufunsa za ana, za kunyumba, za amene anali ndi malungo dzana. Bashiru anachita kutembenuka n'kumathamanga chafutambuyo kuti amalize, ndipo mtsikana wina anaphulika kuseka.

Mayi Benedita anali ataima pakhonde, atakumbatira nsanamira ndi manja awiri. Kamtolo kanali pamapazi awo.

"Mwadzuka bwanji, mayi Benedita!"

"Ndadzuka," anayankha ndi mawu aang'ono ngati a mwana. Nsanamira sanaisiye, koma sanathawe.

Kuyambira pamenepo liwiro la Bashiru linali la moni. Silinali liwiro loti n'kupambana nalo mpikisano, ndipo anyamata a njinga zonyamula anthu ankamuseka kuti agogo oyenda ndi ndodo angamupitirire. Iye analibe nazo kanthu, chifukwa tulo tinabwerera. Komabe munthu ndi munthu. M'miyezi ya mvula, msewu uli matope okhaokha, panali masiku amene bulangete linkamukomera kuposa msewu. Tsiku lina anajomba. Dzuwa lisanakwere mayi Benedita anali pakhonde pake, matope ali m'miyendo.

"Mwadwala?"

"Ayi, mayi, kungoti mvula..."

"Ine ndinaima pansanamira pachabe. Mukandizoloweretsa n'kusiya, ndiyambiranso poyamba. Mvula inapha ndani?"

Halima anaseka kukhitchini. Bashiru sanajombenso, kupatula pamene malungo anamugwetsa, ndi m'mwezi wa Ramadani pamene ankangoyenda ndawala. Tobias ankatumiza moni kudzera kwa oyendetsa chapa, kufunsa ngati alipo amene akuthamangabe. Yankho linkapita lakuti watsala mmodzi, wa thalauza la maluwa.

Zinthu zinkasintha pang'onopang'ono, moti wosadutsapo tsiku ndi tsiku sakanaona. Mayi Benedita anayamba kugwira nsanamira ndi dzanja limodzi. Chimanga chikumasula, anali atasiya nsanamira n'kumaima okha. Kenako anatulutsa kampando, koma ankakhala kumphepete kwake, mapazi ali okonzeka. Kamtolo kanasuntha kuchoka pamapazi kupita pakhomo, n'kudzalowa m'kati, ngakhale Bashiru ankakaonabe kuseri kwa chitseko. Panali masiku obwerera m'mbuyo. Galimoto ina itaphulitsa tayala pamsewu, m'mawa wotsatira anawapeza ali pansanamira ndi manja awiri ngati tsiku loyamba. Sanakambirane za izo. Anapereka moni, iwo anayankha, iye n'kupitirira. Pa zonsezi maso awo sankachoka pa iye. Ankamuyang'ana kuyambira pamene watulukira mpaka atazimiririka, ndipo ankayang'ananso msewu wa kumbuyo kwake.

Nyengo yozizira itabweranso, anthu ali pa ntchito yokumba chinangwa, Bashiru anatulukira pachitsime m'mawa wina monga mwa masiku onse. Anamaliza moni wa azimayi, n'kuyang'ana kukhonde kuja. Mayi Benedita anali atakhala pansi pabwalo, miyendo atatambasula, msana atalozetsa kumsewu. Ankasenda chinangwa.

"Mwadzuka bwanji, mayi Benedita!"

"Tadzuka, Che Bashiru, pitani bwino," anayankha osacheuka. Mpeni sunaime n'komwe.

Kunena zoona, Bashiru anakhumudwa. Miyezi yonseyi akudzuka m'mawa, kuponda matope chifukwa cha iwo, lero osamuyang'ana ngakhale pang'ono? Anali atatsala pang'ono kupitirira pamene maso ake anagwera pambali pawo. Chinangwa chosendacho ankachiyanika pansalu yoyalidwa padothi, miyala ili m'makona. Inali kapulana ya madontho achikasu, ndipo pakati pake panadutsa msoko wa ulusi wosafanana ndi nsalu.

Anathamanga mpaka pamtengo wa mango wotsatira, n'kuima, chinthu chimene sankachita. Anatsamira mtengowo n'kupukuta kumaso ndi malaya, ndipo anapukuta nthawi yaitali kuposa mmene thukuta la m'mawa wozizira limafunira. Atacheuka, mayi Benedita anali chikhalire, akutola chinangwa china mudengu. Bashiru anakoka thalauza lake, n'kuyambanso kuthamanga. Kutsogolo kunkabwera bambo wina atasenza nsungwi, ndipo anafunika kupatsidwa moni.